Tizirombo ndi Matenda a Tiyi: Zimene Kafukufuku Wapeza ku Mulanje ndi Thyolo

M'miyezi ya Sepitembala, Okotobala ndi Novembala alangizi a tiyi ku Mulanje ndi Thyolo amalandira madandaulo ambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Munda wina wafiira ngati wawauka ndi moto. Wina unaduliridwa koma ukukanika kuphuka. Kwina zitsamba zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoyandikana zauma pakati pa zinzake zobiriwira. Funso la mlimi limakhala lakuti apopere mankhwala anji, ndipo nthawi zina amakhala atagula kale botolo pamsika. Kafukufuku wa tiyi amene wakhala akuchitika m'dziko muno kuyambira zaka za m'ma 1930 akuonetsa kuti ambiri mwa mavutowa amachokera pa ntchito zimene zinagwiridwa miyezi kapena zaka zapitazo: momwe malo anakonzedwera asanabzale, mwezi umene tiyi anaduliridwa, feteleza amene anathiridwa ndi kathyoledwe. Pa mavuto ena kupopera sikuthandiza konse, ndipo pa limodzi kumangowonjezera.

Tiyi ndi chomera cha mtundu wa camellia. Dzina lake la sayansi ndi Camellia sinensis, ndipo ndi pachibale ndi camellia wa maluwa amene anthu ena amabzala pakhomo. Tizirombo tambiri timagwira zomera ziwirizi mofanana. Kusiyana kwake nkwakuti pa tiyi chimene mlimi amagulitsa ndi nsonga zanthete, masamba awiri ndi kamphukira, zomwenso ndi zimene tizirombo toyamwa timafuna. Komanso chitsamba cha tiyi chimakhala m'munda zaka zoposa 50, choncho chikafa chimodzi mlimi wataya zokolola za zaka zambiri.

Kuola kwa mizu

Matenda amene amapha zitsamba m'magulumagulu amayamba ndi bowa wotchedwa Armillaria. Masamba amachita chikasu, amafota, kenako chitsamba chonse chimauma, ndipo pakapita miyezi chinzake choyandikana nacho chimatsatira. Pamwamba pokha sipangadziwike bwino chifukwa chilala ndi chiswe nazonso zimaumitsa tiyi. Mlangizi ayenera kukumba pang'ono patsinde. Ngati ndi Armillaria, khungwa la patsinde limapezeka litang'aluka motsata utali wake, ndipo akalisenda ndi mpeni amaona zoyera ngati pepala lonyowa zitayalana pakati pa khungwa ndi thunthu. Fungo lake limakhala la bowa.

Zimene zikudziwika za matendawa zinachokera kwambiri ku ntchito ya Robert Leach, katswiri wa matenda a mbewu amene ankagwira ntchito ku Mulanje m'nthawi ya Nyasaland, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1937 ndi 1939. Nthawi imeneyo maesiteti ankagwetsa nkhalango nkubzala tiyi, ndipo tiyi wambiri ankafa mozungulira zitsa za mitengo monga muula. Leach anapeza kuti bowayu amakhala kale m'mizu ya mitengo yamoyo, koma mtengo wamoyo umamutsekereza pamalo pang'ono. Mtengo ukagwetsedwa mwadzidzidzi, mizu yake imataya mphamvu yodziteteza ikadali yodzaza ndi chakudya chosungidwa, chimene akatswiri amati sitachi. Chakudya chimenechi ndicho bowayu amadya, ndipo amayenderera muzu wonse mpaka kunsonga. Muzu wa tiyi ukakhudzana ndi muzu woterewu umatenga matendawo.

Njira imene anayesa inali yosavuta. Mtengo usanagwetsedwe, amausenda khungwa mozungulira thunthu lonse ngati lamba, nkuusiya chiimire. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira kumizu kudzera m'khungwa, pamene madzi amakwera kudzera m'kati mwa thunthu. Choncho mtengo wosendedwa umakhalabe ndi moyo kwa kanthawi, koma mizu yake siilandiranso kanthu ndipo imadya nkhokwe yake mpaka kutha. Mizu yopanda sitachi imalowedwa msanga ndi mitundu ina ya bowa yosavulaza tiyi, ndipo Armillaria amasowa pokhala. Mtengowo umagwetsedwa utauma, patapita chaka chathunthu kapena kupitirira. Mphukira zilizonse zotuluka pansi pa lamba ziyenera kuchotsedwa zikangooneka, chifukwa zikasiyidwa zimayambanso kudyetsa mizu ndipo ntchito yonse imapita pachabe. Wofuna kutsimikiza angathe kudula muzu ndi kudonthezera ayodini podulapo. Pakada bii, sitachi akadalimo.

Masiku ano nkhalango zogwetsa kuti pabzalidwe tiyi palibe, ndipo zimene zatsala m'mphepete mwa phiri ndi zotetezedwa. Komabe zimene Leach anapeza zikugwirabe ntchito pa mlimi amene akufuna kuchotsa mtengo wa mango, mapeyala kapena bulugamu pakati kapena m'mbali mwa munda wa tiyi, ndiponso pa amene akuzula tiyi wakale kuti abzale mtundu watsopano. Apa ndi pamene alimi ambiri amafulumira. Mtengo umadulidwa Loweruka chifukwa pafunika matabwa kapena nkhuni zootchera njerwa, chitsa nkutsala. Tiyi amayamba kufa patapita zaka ziwiri kapena zitatu, nthawi imene aliyense waiwala kale za mtengo uja.

Chitsamba chikagwidwa palibe mankhwala opopera amene angachipulumutse. Chimazulidwa pamodzi ndi zoyandikana nazo zimene zikuonetsa zizindikiro, mizu yonse imatoledwa, ngakhale yaing'ono ngati pensulo, ndi kuotchedwa pomwepo. Wokumba atsate muzu wodwala mpaka apeze chitsa kapena muzu wakale umene matenda anachokera, chifukwa ukatsala m'nthaka mbande zobwezeretsa zidzafanso. Pamalopo ndi bwino kubzala udzu monga wa Guatemala kwa chaka kapena ziwiri asanabwezeretse tiyi. Udzu susunga bowayu, ndipo umapereka zophimbira nthaka.

Chikasu chimene sichinali matenda

Asanafike pa Armillaria, Leach anagwirako ntchito pa vuto lina limene linkawononga tiyi wa ku Mulanje. Masamba anthete ankatuluka aang'ono, achikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira, mfundo za nthambi zili zoyandikana, kenako nthambi zinkauma kuyambira kunsonga. Ambiri ankaganiza kuti ndi matenda opatsirana. Mu 1933 H. H. Storey ndi Leach anaonetsa kuti tiyiyo ankasowa mchere wa salifa m'nthaka, ndipo zitsamba zimene zinathiridwa feteleza wokhala ndi salifa zinabwerera.

Nkhaniyi ndi yakale koma vutolo likhoza kubwerera paliponse pamene mlimi wathira Urea yekhayekha kwa zaka zingapo, popeza mu Urea mulibe salifa ngakhale pang'ono. Mu ammonium sulphate muli magawo 21 pa 100 a nayitirojeni ndi magawo 24 pa 100 a salifa. Posiyanitsa, mlangizi ayang'ane masamba amene ayamba chikasu. Salifa akasowa amayamba ndi masamba anthete a pamwamba, ndipo mitsempha imaonekera. Munda wotere sufuna pampu.

Helopeltis

Kachirombo ka Helopeltis ndi kowonda, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kofiirira ngati lalanje ndi mbali zina zakuda. Kali ndi tinyanga titalititali ndi kachinthu konga phini koimirira pamsana. Miyendo yake yaitali ndiyo inachititsa kuti pa Chingerezi akapatse dzina lokafanizira ndi udzudzu, ngakhale kuti sikaluma anthu. Kamaboola tsamba lanthete kapena nsonga ndi kuthiramo malovu amene amapha minofu ya pamalopo. Poboolapo pamayamba ngati kadontho ka madzi, ndipo pofika mawa lake pamakhala pada. Kachirombo kamodzi kamasiya madontho ambirimbiri tsiku limodzi, choncho munda ukhoza kuoneka wowonongeka kwambiri tizirombo tili tochepa. Masamba amapiringizika, nsonga zimauma, ndipo wogula ku sikelo amawakana.

Mu 1933 momwemo Leach ndi C. Smee anaonetsa kuti zilonda ndi mfundo zokhotakhota za pa nthambi za tiyi wamng'ono, zimene zinkaoneka ngati matenda a bowa, zinkayamba ndi kuboola kwa kachirombo komweka. Ndi chifukwa chake mu nazale ndi m'munda wa tiyi wosakhwima Helopeltis ndi woopsa kuposa mu tiyi wamkulu: amawononga nthambi zimene zikanakhala maziko a chitsamba.

Kachiromboka kamakonda mthunzi ndi chinyezi, ndipo kamachuluka nyengo ya mvula ikakhazikika. Masana dzuwa likatentha kamabisala m'kati mwa chitsamba, choncho mlangizi amene wafika m'munda nthawi ya nkhomaliro amapeza madontho okha. Nthawi yokafufuza ndi m'mamawa kapena chakumadzulo. Chofunika kwambiri kudziwa ndi poikira mazira. Kachirombo kakakazi kamabaya mazira ake m'kati mwa nsonga zanthete, ndipo kunja kumangoonekera timaubweya tiwiri pa dzira lililonse. Nsonga zimenezi ndi zomwe wothyola amachotsa. Mlimi amene amathyola pa nthawi yake, nkuchotsanso nsonga zowonongeka ngakhale sazigulitsa, amatulutsa mazira ambiri m'munda ulendo uliwonse. Amene walumpha ulendo chifukwa cha maliro, kupalira chimanga kapena kuchedwa kwa galimoto yonyamula masamba amapatsa mazirawo mpata woswa. Magwafa, mango, mapeyala ndi nsatsi za m'mbali mwa munda nazonso zimasunga kachiromboka, ndipo ziyenera kuyang'anidwa pofufuza.

Thrips ndi mwezi wodulira

Thrips amene amavuta tiyi kuno, Scirtothrips aurantii, ndi yemwenso amawononga malalanje. Ndi kachirombo kachikasu kosakwana milimita imodzi, kovuta kukaona popanda galasi lokuza zinthu. Kamalowa m'kamphukira kasanatambasuke ndi kukanda tsamba likadali lopindika. Tsambalo likatambasuka limakhala ndi mizere iwiri yabulawuni, yokhakhala, mbali iyi ndi iyo ya mtsempha wapakati. Akachuluka, masamba amatuluka aang'ono, olimba ndi ophwanyika, ndipo nsonga zimapinimbira. Njira yosavuta yowaonera ndi kugwedezera nsonga papepala: timadontho tachikasu timayamba kuyendayenda.

Thrips amachuluka m'chilimwe kuyambira Sepitembala, ndipo amatsika okha mvula yeniyeni ikagwa. Tiyi amene amawonongeka kwambiri ndi amene akuphuka ataduliridwa, chifukwa tsamba lililonse pa chitsamba chotere ndi lanthete. Kafukufuku wa P. S. Rattan ku Tea Research Foundation of Central Africa, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo lili ku Mimosa, anaonetsa kuti nthawi yodulira imasintha kwambiri kukula kwa vutoli. Tiyi woduliridwa msanga mvula ikangotha amakhala atavala masamba okhwima pamene thrips akufika, ndipo nthaka imakhala ikadali ndi chinyezi chomuthandiza kuphuka, makamaka chaka chimene chiperoni chagwa bwino. Woduliridwa mochedwa amatulutsa mphukira zake zoyamba m'kati mwenimweni mwa nyengo ya thrips, pa nthaka youma. Chitsamba chotere chimachedwa kudzaza pamwamba pothyolera, ndipo mlimi amaluza masamba a Disembala ndi Januwale, miyezi ya zokolola zambiri.

Pali chifukwa chomveka chimene alimi amachedwetsera kudulira. Mu Epulo ndi Meyi tiyi amakhala akupatsabe masamba, ndipo kudula munda umene ukubweretsa ndalama si chinthu chapafupi pa banja limene likudikira fizi. Mlangizi asapeputse zimenezi. Chimene angachite ndi kuthandiza mlimi kugawa munda m'zigawo, kuti chaka chilichonse azidulira chigawo chimodzi msanga pamene zina zikuthyoledwa. Zoduliridwazo zisiyidwe m'munda momwemo kuti ziphimbe nthaka. Kuzituta kukasonkhera moto kumasiya nthaka pambalambanda m'miyezi yotentha.

Akangaude ofiira

Munda umene wafiira ukamaonedwa patali kawirikawiri umakhala ndi akangaude ofiira, Oligonychus coffeae. Awa amakhala pamwamba pa masamba okhwima, motsata mitsempha, ndipo amayamwa mpaka tsamba litasanduka ngati mkuwa. Munthu akapukuta tsambalo ndi chala, chalacho chimafiira. Pali mtundu winanso wochepa thupi, Brevipalpus, umene umakhala kunsi kwa tsamba pafupi ndi phesi, ndipo ukachuluka masamba amayoyoka. Mitundu yonseyi imakonda kutentha, kuuma ndi fumbi. Ndi chifukwa chake mizere ya m'mphepete mwa msewu ndi malo opanda mthunzi ndi imene imayamba kufiira. Kukatentha, kuchoka pa dzira kufika pa kangaude woikiranso mazira kumatenga pafupifupi masabata awiri okha.

Apa ndi pamene botolo la pamsika limabweretsa tsoka. Mankhwala a gulu la pyrethroid, monga cypermethrin, amene alimi amawadziwa kuchokera ku thonje ndi ndiwo zamasamba, sapha bwino akangaudewa. Amapha adani awo: tizikumbu tating'ono takuda totchedwa Stethorus ndi akangaude ena amene amadya anzawo. Mlimi amene wapopera pyrethroid pofuna kupha thrips mu Sepitembala akhoza kupeza munda utafiira mu Okotobala, nkupoperanso mankhwala omwewo poganiza kuti poyamba anachepetsa muyeso. Mlangizi akapeza munda wofiira kwambiri kuposa minda yoyandikana nayo, funso loyamba likhale lakuti munapoperedwa chiyani m'masabata apitawa.

Mvula yamphamvu imakokolola akangaudewa, choncho ngati mvula yayandikira ndipo masamba sakuyoyoka, kudikira kumakhala kwanzeru. Pakafunika kuchitapo kanthu, amapopera pa zitsamba zogwidwa zokha osati munda wonse. Salifa wosungunula m'madzi amathandiza pa akangaude, koma amawaula masamba akapoperedwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo amasiya fungo mu tiyi ngati masamba athyoledwa masiku olembedwa pa chizindikiro asanakwane.

Zilonda za patsinde pa tiyi wamng'ono

Tiyi wa mitundu yobzala ndi timitengo, akakhala wa zaka zochepa, amagwidwa ndi bowa wotchedwa Phomopsis theae. Patsinde kapena panthambi pamachita chilonda cholowa m'kati, m'mbali mwake mutatupa, ndipo chilondacho chikazungulira, zonse za pamwamba pake zimauma. Bowayu amalowera pabala ndipo amakula pa chitsamba chimene chafooka ndi chilala, choncho amaonekera kwambiri kumapeto kwa chilimwe chowawa. Mabala ambiri amachokera ku khasu popalira, ku feteleza wothiridwa mogunda tsinde, ndi kubzala mozamitsa. Kuphimbira kumathandiza kusunga chinyezi, koma zophimbirazo zisagunde tsinde. Nthambi yogwidwa imadulidwa pansi pa chilonda, pamene mtengo uli woyera, ndi kuotchedwa. Mitundu ya tiyi imasiyana kapiriridwe kake ku chilala ndi ku matendawa, ndipo mlimi amene malo ake ndi ouma kapena a nthaka yosazama afunse za zimenezi asanatenge mbande ku nazale.

Pali matenda amodzi aakulu amene tiyi wa mu Africa alibe. Ndi blister blight, amene amatupitsa masamba anthete ngati matuza, ndipo kuyambira 1946, pamene anafika kum'mwera kwa India ndi ku Sri Lanka, alimi a kumeneko amapopera mobwerezabwereza nyengo ya mvula iliyonse. Timitengo ta tiyi kapena mbande za camellia wa maluwa zolowa m'dziko popanda chilolezo ndi kuyezedwa ndi njira imene matenda otere angafikire. Mlangizi amene waona matuza oyera kunsi kwa masamba anthete adziwitse a kafukufuku tsiku lomwelo.

Mankhwala otsalira m'masamba

Masamba a tiyi satsukidwa. Amachoka m'munda, amafotetsedwa, amagayidwa, amaumitsidwa nkulowa m'matumba. Chilichonse chimene chinapoperedwa chimapita nawo, ndipo ku fakitale masamba a alimi mazana amasakanikirana. Ogula a ku Ulaya ndi kwina amayeza mankhwala otsalira, ndipo akapeza oposa muyeso kapena oletsedwa amakana katundu yense. Mlimi mmodzi akhoza kuwonongetsa malonda a kalabu yonse. Endosulfan, amene kale ankagwiritsidwa ntchito pa tiyi m'maiko ambiri, anaikidwa pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa padziko lonse mu 2011, ndipo botolo lililonse lotsalira m'nyumba lisafike m'munda. Mankhwala oyenera ndi okhawo olembetsedwa ku Pesticides Control Board amenenso fakitale yogula masamba yavomereza pa tiyi. Mndandandawu umasintha, choncho mlangizi autenge watsopano ku fakitale chaka chilichonse.

Vuto likakhala losadziwika bwino, ndi bwino kutumiza chitsanzo ku Mimosa. Ngati chitsamba chauma, chizulidwe ndi tsinde ndi mizu yake, makamaka chimene changoyamba kufota, popeza chouma kalekale chimakhala chitalowedwa ndi chiswe ndi bowa wina. Nsonga ndi masamba ziikidwe mu envelopu kapena m'nyuzipepala, chifukwa m'jumbo zimabibira ndi kuola zisanafike. Pakapepala palembedwe mtundu wa tiyi, chaka chimene anabzalidwa, mwezi umene anaduliridwa komaliza, feteleza amene anathiridwa, mankhwala amene anapoperedwa ndi tsiku lake, komanso ngati pafupi panali mtengo umene unadulidwa m'zaka zisanu zapitazo.